Mutu 4: Tenti ya Mabowo Awiri

1. Chifuwa cha a Binali

Kwathu ku Childir nyanja ikaundana, amuna salankhula zina koma ukonde. Madzi amauma gwa mpaka hatchi kuyendapo ikukoka chileyi, ndipo msodzi aliyense amatenga nkhwangwa yake kukaboola ayezi. Ukonde amautchera pansi pa ayeziyo, kuulowetsa pa bowo ili n'kukautulutsira pa bowo ilo. Kuvuula sikovuta. Chovuta ndi kuwonjola nsomba. Munthu amavula magolovesi, kugwada pa ayezi, n'kumachotsa nsomba imodziimodzi mu ukonde wonyowa, mphepo ikumulasa m'nthiti.

Mphepo imeneyi ndi imene inagwetsa a Binali chaka chatha. Anadwala chibayo n'kugonekedwa m'chipatala cha mumzinda wa Kars mpaka udzu unamera. Powatulutsa, adokotala anawauza mosapsatira kuti mphepo ya panyanja ikalowanso m'chifuwa chawocho, abale asadzavutike n'kufuna galimoto, adzangokumba manda.

A Binali anamva, anavomera, anathokoza. Koma ayezi atangolimba, mwana wawo wamkazi Selvinaz anawapeza m'khola akusoka ukonde uku akuimba likhweru.

Selvinaz anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Pakhomo anatsala yekha ndi makolo ake, poti achimwene ake anali ku usilikali. Anaima pakhomo pa khola manja ali m'chiuno.

"Ababa, adokotala aja anati chiyani?"

"Adokotala amadya malipiro, mwana wanga. Ife timadya nyanja. Ukafuna ndikhale m'nyumba mpaka chilimwe, ukawauze adokotalawo azititumizira buledi."

Mayi ake, a Gulperi, atamva zimenezi anatuluka m'khitchini ufa uli m'manja.

"Pitani, bambo, pitani! Koma munyamuliretu sanda yanu, ine ndisadzavutike n'kukagula. Mwamuna wanji wosamva ngati bulu!"

"Bulu ndi amene amabweretsa ufa pakhomo, mayi," anayankha a Binali osakweza n'komwe mutu.

Aliyense wowadziwa a Binali ankadziwa kuti nkhani yathera pomwepo. Akati apita, apita. Kuwaletsa kunali kutaya mawu. Chotsala chinali kupeza njira yoti mphepo isawafike pachifuwa.

Chaka china alendo ochokera kutali anabwera kudzawedza, ndipo anakhala tsiku lonse pakati pa nyanja m'katenti kopinda. Asodzi athu anawaseka kwambiri, amati msodzi weniweni denga lake ndi mitambo. Ife a ku Childir kuseka timatha, ngakhale mano akugundana ndi kuzizira. Selvinaz sanaseke nawo, ndipo katenti kaja sanakaiwale.

Tsono kwathu atsekwe ndi chuma cha akazi. Mtsikana akasinkhuka amapatsidwa ana a tsekwe kuti awete yekha. Chipale choyamba chikagwa amawapha, kuwathira mchere, n'kuwapachika pamphepo kuti aume. Selvinaz anaweta ake chilimwe chonse, akulimbana ndi nkhandwe ndi agalu a eni. Ankafuna akawagulitsa agule chikhoti chatsopano cha kusukulu, chifukwa chakale chija manja ake anali atafupika. Madzulo a tsikulo anawatsitsa onse pa mtanda n'kuwalongedza m'thumba.

"Atsekwewo ukupita nawo kuti?" anafunsa mayi ake.

"Ku Kars, amayi. Ndikukagula tenti ya ababa."

A Gulperi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wawo.

"Upite ndi amalume ako. Wekha akakubera."

2. Mawu a Amalume

A Yaver, mlongo wawo wa a Gulperi, ntchito yawo ndi yokweza alendo pa chileyi cha hatchi n'kuwayendetsa panyanja. Ali mnyamata anakagwira ntchito yomanga ku Russia, ndipo nkhani zawo za kumeneko zimakula chaka ndi chaka. Chimbalangondo chimene anakumana nacho m'nkhalango pano chafika pa msinkhu wa mzikiti. Koma za matenti a pa ayezi ankazidziwadi, ndipo m'minibasi ya ku Kars anayamba kumulangiza mphwawo.

"Tamvera, mphwanga. Wogulitsa akakuonetsa yokongola, poti ndiyo ntchito yake. Iwe usakayang'ane ndi maso ako, ukayang'ane ndi manja a bambo ako. Munthu akakhalitsa pa ayezi zala zimafa, zimasanduka timitengo. Tenti yofuna kulumikiza tizitsulo ting'onoting'ono, yofuna anthu awiri, imeneyo ndi ya pa udzu, ya anthu opita kukaotcha nyama patchuthi. Ya bambo ako ikhale yoti munthu mmodzi, wovala magolovesi, mphepo ikumukankha, angokoka iyo n'kuima.

"Pansi pake pasakhale nsalu. Ukonde utulukira pati ngati pansi pali potseka? Ukaonenso zikhomo. Chikhomo chokhoma ndi hamala chimang'amba ayezi n'kuzuka. Chabwino ndi chopotera. Ine ndinaonapo tenti ikuuluka panyanja, mwini wake akuithamangira m'mbuyo ngati wathawidwa ndi mkazi."

Selvinaz anaseka. A Yaver sanaseke nawo. Anamugwira dzanja.

"Zonsezi ukaiwala ndikukhululukira, koma ichi chokha usaiwale. Tenti ya pa ayezi imakhala ndi mabowo kumwamba, ndipo mabowo amenewo ndiwo moyo wa munthu. Makala akamayaka pamalo potsekeka amatulutsa mpweya woipa. Sununkha, suoneka, sutsokomoletsa. Umalowa mwaulemu ngati mlendo wabwino. Poyamba mutu umalemera, kenako kumabwera tulo tokoma, ndipo munthu amati ndingotsinzina pang'ono. Ku Russia tinali ndi anzathu awiri, anyamata amphamvu kuposa bambo ako. Anatseka paliponse poopa kuzizira n'kuyatsa moto. Tinawapeza atakhala bwinobwino, makapu a tiyi ali pambali, nkhope zili zofiira ngati za anthu athanzi. Ine ndinawapatsa moni, mphwanga. Ndinapatsa moni anthu akufa."

Selvinaz anakumbatira thumba la atsekwe mpaka minibasi inalowa mu Kars.

3. Yabuluu ndi Yadzungu

Atsekwe anagulidwa msanga ndi mwini lesitilanti wina, poti tsekwe wouma wa kwathu safuna kuitanira. Kenako a Yaver anamufikitsa Selvinaz pa sitolo ya zida za alenje ndi asodzi, koma iwo sanalowe.

"Atsekwe anali ako, kusankha n'kwako. Ine ndikukafuna nsapato za hatchi." Anavula magolovesi awo achikopa, aakulu ngati mafosholo, n'kumupatsa. "Tenga awa. Ntchito yake ukaidziwa wekha."

Mwini sitolo anali bambo wonenepa, wa magalasi otsetsereka pamphuno. Anamukhazika pampando n'kumuitanitsira tiyi.

"Tenti ya bambo? Aa, mwana wodalitsika iwe! Anga akagwira ndalama amathamangira foni. Dikira ndikuonetse."

Anatulutsa tenti yabuluu yonyezimira. Inali ndi mawindo apulasitiki, matumba oikamo zinthu, ndi nsalu yapansi yosokera kumodzi.

"Iyi ukatseka zipi, ngakhale nyerere singalowe. Ndi yopepuka, ndipo mtengo wake ndi wachibale."

Mtengowo unalidi wachibale. Akanagula imeneyo, zotsala zikanakwana chikhoti. Tsidya la msewu, pawindo la sitolo ya zovala, panali chikhoti chofiira cha ubweya m'khosi, ndipo Selvinaz anali atachiona kale asanalowe.

"Nanga iyo ili pakonapo?" anafunsa.

"Iyo?" Mwini sitolo anakwinya mphuno. "Sindikunamiza, mwana wanga, imeneyo ndiye ya pa ayezi yeniyeni. Koma ndi yodula, ndiponso taiona mtundu wake, dzungu lenileni. Yandikhalira nthawi yaitali. Aliyense akaona mabowo ali kumwambawo amati ndi yong'ambika, n'kumandifunsa ngati ndili ndi makoswe m'sitolo."

Selvinaz anavala magolovesi a amalume ake.

"Ndingayese kuziimika zonse ziwiri?"

Anayamba ndi yabuluu. Tizitsulo take tinkapulumuka m'magolovesi n'kugwera pansi. Akalowetsa uku, uko kwatuluka. Mapeto ake tenti yonse inamugwera pamutu, ndipo mwini sitolo anaseka mpaka magalasi anagwa.

Kenako anakoka yadzungu ija. Inali yolemera, nsalu yake yochindikala ngati bulangete, ndipo pansi pake panalibe kanthu. Mbali iliyonse inali ndi lamba. Anakoka lamba woyamba, khoma n'kutukumuka. Anazungulira akukoka, ndipo posakhalitsa kanyumba kanali kataima pakati pa sitolo. Zikhomo zake zinali zopotera. Analowa n'kuyang'ana kumwamba, ndipo anaona kuwala kukulowa pa mabowo awiri, lililonse ndi kachipewa kake kotchinga chipale.

"Ukatenga imeneyo sutsala ndi kanthu," anatero mwini sitolo mofatsa. "Ndipo chikhoti wavalacho chikupempha kupuma."

Selvinaz anayang'ana mikono yake, yofiira ndi kuzizira. Anayang'ananso tsidya la msewu. Mtima unamupweteka ndithu, tisabise.

"Ndimangireni yadzunguyo, bambo."

Mwini sitolo anaimanga. Atamaliza anapita kuseri n'kubwera ndi magolovesi aubweya aatali, ofika m'zigongono.

"Awa ndi basela. Pamene chikhoti chalekezera, awa apitirize. Ukawauze bambo ako kuti anabala."

Selvinaz anathokoza mpaka mawu anamuthera. A Yaver atabwera n'kuona mtolo wadzungu uja anangogwedeza mutu.

"Yabuluu unaiona?"

"Ndinaiona, amalume."

"Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Tiye kwathu."

4. Tenti Yobooka

Anafika dzuwa likupendeka, ndipo tenti anaiimika pabwalo. Anthu oyandikana nawo anakhamukira kudzaona, aliyense ndi lake.

"A Binali, mukukwatiranso kodi? Kanyumba ka mkwatibwi aka!"

"Nsomba zikakaona mtundu umenewu zikathawira kutsidya kwa malire ku Georgia!"

A Binali anaizungulira tenti, kuigwira apa ndi apo, kenako analowa n'kutseka. Anakhalamo nthawi. Potuluka m'maso munali monyowa, ndipo anati ndi kuzizira. Selvinaz anawerama kuti apsompsone dzanja lawo monga mwa ulemu wa kwathu, koma iwo anamugwira mutu ndi manja onse awiri n'kumupsompsona pamphumi.

"Mwana wanga, wandiveka chikhoti chako. Mulungu akuveke choposa."

Kenako analowa a Gulperi. Anayang'ana makoma n'kukondwa. Anayang'ana kumwamba n'kukuwa.

Kwathu kuzizira kukamayandikira, mkazi aliyense amazungulira nyumba yake ndi nsanza ndi dongo, kutseka kamng'alu kalikonse. Mawindo amawamata ndi pulasitiki, pansi pa chitseko amaikapo chikopa. Mkazi amene nyumba yake imalowa mphepo amasekedwa ndi anzake mpaka chilimwe. A Gulperi ndiye anali katswiri wa zimenezi. M'nyumba mwawo lawi la kandulo linkaima njo ngakhale kunja kukuwomba chimphepo chozula madenga. Kwa iwo bowo linali mdani, ndipo mdaniyo anatsala pang'ono kuwalanda mwamuna wawo chaka chatha.

"Mwana iwe, akubera! Atsekwe onse aja wagula chinthu chobooka? Achimwene, inu munali kuti?"

"Ndi mmene imakhalira, mlongo wanga, usaikhudze," anatero a Yaver ali kale pachipata, akuthamangira kukadyetsa hatchi zawo.

Selvinaz anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma pabwalo panali podzaza anthu, ndipo mwana saphunzitsa mayi ake pagulu. Anthu atabalalika anaopanso kutchula nkhani ya anthu akufa pamene bambo ake akupita kunyanja mawa lake. Anangoti, "Amalume anati ndi yabwino choncho, amayi."

Apa ndi pamene Selvinaz analakwitsa. Tenti anasankha bwino, koma chifukwa cha mabowo aja anachisunga yekha mumtima.

5. Singano ya a Gulperi

M'mawa a Binali analawira. Anakweza tenti, nkhwangwa, mbaula ndi thumba la makala pa kachileyi kokoka pamanja, n'kutsikira kunyanja. Selvinaz podzuka anapeza atapita kalekale.

Anavala yunifolomu n'kukhala pansi kuti adye buledi ndi tchizi. Pa mkeka anaona singano yaikulu yosokera matumba, ndi tizidutswa ta bulangete lakale. Mayi ake anamuthirira tiyi nkhope ili mwee.

"Usadandaulenso, mwana wanga, ndakonza. Ndinadzuka lisanakwane pemphero la m'mawa. Mabowo onse awiri ndatseka ndi zigamba, ndasoka mobwereza, bambo ako sanaone n'komwe. Ndawauzanso kuti akaunjike chipale kuzungulira m'munsi monse. Lero mphepo ikafune kwina kolowa."

Tambula ya tiyi inapulumuka m'manja mwa Selvinaz n'kusweka.

"Ababa atenga mbaula?"

"Nanga akaotha chiyani? Iwe watani?"

Panja minibasi ya sukulu inaliza hutala. Tsiku limenelo kunali mayeso a masamu, ndipo aphunzitsi anali atanena kuti wojomba asadzabwere ndi nkhani. Selvinaz anatuluka wopanda chikwama. Anaidutsa minibasi akuthamanga, dalaivala akumukuwira, anzake atatulutsa mitu pawindo.

"Selvinaz! Sukulu!" anafuula mayi ake pakhomo.

"Makala, amayi! Makala awapha ababa!"

Pagombe a Yaver anali akukweza alendo pa chileyi, ena akujambulana ndi hatchi. Selvinaz anafika wefuwefu.

"Amalume, amayi asoka mabowo!"

A Yaver sanafunse kachiwiri.

"Tsikani, abale anga, tsikani msanga! Pepani, ndidzakuyendetsani ulere mpaka mutatopa. Kwera, mphwanga!"

6. Pakati pa Nyanja

Hatchi za a Yaver sizinathamangepo choncho chibadwire. Mabelu a m'khosi mwake ankalira mosokonekera, chileyi chikudumpha pa mabampu a ayezi. Mphepo inali itayamba kunyamula chipale cha pansi, moti kumwamba ndi pansi zinasanduka chinthu chimodzi choyera. A Yaver ankadziwa dera limene alamu awo amatchera, koma maso awo sankaona patali.

"Yang'ana iwe, maso anga atha! Ukuona chiyani?"

Selvinaz anaimirira atagwira phewa la amalume ake. Kwa nthawi sanaone kanthu. Kenako kumanzere kunaoneka kadontho ka mtundu wa dzungu.

"Uko, amalume! Uko!"

Tenti inali itaima bwino, zikhomo zonse zitagwira, chipale chitaunjikidwa mwaluso kuzungulira m'munsi. Kunali zii.

"Alamu! A Binali!"

Palibe anayankha. A Yaver anagwira zipi, koma inali itaundana ndi nthunzi ya m'kati. Selvinaz anasolola mpeni umene unali pa lamba wawo. Tenti imene anagula ndi chilimwe chake chonse anaibaya pakati n'kuing'amba mpaka pansi.

A Binali anali atakhala motsamira khoma, ukonde uli pamaondo, nsomba yachikasu ili m'manja. Maso anali otseka, ndipo nkhope yawo inali yofiira bwino.

"Ayi, ayi, Mulungu wanga, kachiwirinso ayi!" anakuwa a Yaver.

Anawagwira m'khwapa, Selvinaz n'kugwira miyendo, n'kuwakokera panja. A Yaver anabwerera n'kukankhira mbaula kunja ndi phazi, makala n'kumwazika pa ayezi akuchita tsii. Selvinaz anamasula mpango wa m'khosi mwa bambo ake n'kuika khutu pachifuwa. Mtima unkagunda. Anawagwedeza, akuwaitana, misozi ikuuma pamasaya.

Patapita kanthawi a Binali anabuula. Anatembenuka n'kusanza pa ayezi, kenako anatsegula maso pang'ono.

"Mwandidzutsiranji? Tulo take tinali tokoma."

"Tokoma! Ati tokoma!" A Yaver ankalira ndi kuseka nthawi imodzi. "Chitsiru cha mlamu, ukanagona mpaka tsiku lachiweruzo! Alihamudulilahi, mwana, gwira uko tiwakweze."

Anawafunditsa mabulangete onse a alendo n'kuthamanga nawo kugombe, ndipo kuchokera pamenepo galimoto ya mnansi inawafikitsa kuchipatala. Kumeneko anawaika pa mpweya tsiku lonse. Anamwino anati mpweya wa makala munthu akadzuka asamati wachira, kufika nawo kuchipatala anachita bwino. Asodzi aja ankaseka tenti dzulo lake ndi amene anakavuula ukonde wa a Binali, n'kubweretsa nsomba ndi tenti yong'ambika mpaka pakhomo. Pa zimenezi ndiye anthu a kwathu sindingawanene.

7. Wokhala Nawo

A Binali anatuluka m'chipatala mawa lake masana. Anthu anabwera kudzawazonda, wina ndi msuzi, wina ndi uchi, ndipo ngakhale aphunzitsi a masamu anatumiza mawu kuti Selvinaz adzalemba mayeso ake tsiku lina.

Alendo atapita a Gulperi anakhala pakona tenti ili pamiyendo, akusomola zigamba zija ulusi umodziumodzi. Selvinaz anakagwada pafupi nawo.

"Amayi, pepani. Ndikanakuuzani tsiku lomwe lija."

"Ine ndikanafunsa, mwana wanga. Safunsa anadya phula." Mawu awo anali otsika. "Ndinadzuka m'mamawa kusokera mwamuna wanga manda, uku ndikuimba nyimbo."

"Mayi, bwerani kuno," anatero a Binali ali pa bedi. A Gulperi sanasunthe, choncho iwo anapitiriza kulankhula ali pomwepo. "Zaka zonsezi singano yanuyo ndi imene yatifunditsa m'nyumba muno. Ana athu sanadwalepo chifuwa chifukwa cha manja anuwo. Inu munatseka mabowo chifukwa chondikonda, mwana anang'amba tenti chifukwa chondikonda, alamu anataya alendo awo chifukwa chondikonda. Ine munthu wosamva, chonsechi ndachigwirira ntchito yanji? Ndikuthokoza Mulungu, ndipo ndikuthokoza inu nonse atatu. Chipale ndinaunjika ndekha, ndipo mutu utayamba kulemera sindinatuluke. Musasenze nokha katunduyu."

A Gulperi analira kwa nthawi yoyamba chichitikire ngoziyo. Atatonthola anatenga ulusi wolimba n'kuyamba kusoka pamene mpeni unadutsa.

A Yaver, amene anali akumwa tiyi, anaika tambula pansi.

"Kuthokoza tathokoza, tsono mumve. Alamu, ndikudziwa kuti mukadzuka pamenepo mubwerera kunyanja, ndipo sinditaya malovu kukuletsani. Tenti ndi yabwino, mwaona nokha kuti chifuwa sichinalowe mphepo. Mabowo akhale otsegula, kugwe chipale kusagwe. M'munsi muzisiya mpata mbali imodzi. Mbaula muziyatsira panja, ilowe makala atafiira, ndipo nthawi ndi nthawi muzitsegula chitseko. Koma lamulo lalikulu ndi ili: pamene pali moto m'tenti, munthu sakhala yekha. Mpweya uja umayamba wapha nzeru usanaphe thupi. Wogwidwa sadziwa kuti wagwidwa. Pamafunika wina woti azituluka, azilowa, akaona mnzake akusinza amukokere panja. Popanda wotero, ine tenti imeneyi ndikaitaya m'bowo."

A Yaver anali ndi hatchi zawo ndi alendo awo. Mnyamata wa pakhomopo anali ku usilikali mpaka chaka chamawa. Asodzi ena aliyense anali ndi mabowo ake. A Binali anayang'ana mwana wawo, kenako anathawitsa maso mwamanyazi.

Selvinaz anamvetsa.

"Ababa, ngati ndi choncho, ine sukulu ndikhoza kuyamba ndaima mpaka ayezi..."

A Gulperi anadula ulusi ndi mano.

"Mwana apita kusukulu. Wapereka kale atsekwe, sapereka china. Ndipita ine."

"Inu, mayi?" A Binali anadzuka n'kukhala tsonga. "Chikwatiranireni simunapondepo pa ayezi. Ayeziwo akangolira pansi mumatseka makutu muli m'nyumba."

"Ndikaopa ndili pomwepo."

"Mlongo wanga," anatero a Yaver akukanda m'mutu, "m'mudzi muno palibe mkazi anagwirapo ukonde. Akuluakulu amati mkazi akaponda pa bowo nsomba zimathawa. Kumalo omwera tiyi amuna akatidya amoyo."

"Akadye, achimwene. Mwamuna uyu ndinatsala pang'ono kumutaya kawiri, kachiwiriko ndi dzanja langa. Tsopano ndikakhala pambali pake maso ali pa iye, ndipo akangoyasamula ndikamukoka ndi khutu."

Patapita masiku, adokotala atalola, Selvinaz anali m'minibasi ya sukulu pamene anawaona akutsikira kunyanja. Bambo ake anali patsogolo nkhwangwa ili paphewa. Mayi ake anali m'mbuyo atavala majombo a mwana wawo wa ku usilikali, akukoka kachileyi ka tenti. Selvinaz anagwira pachifuwa n'kuthokoza chamumtima.

Koma nkhani yoti mkazi akukaponda pa bowo inali itafika kale m'mudzi monse. Pagombe, pamene njira imalowera pa ayezi, asodzi anali ataima mondanda, ndipo palibe amene ankaseka. A Binali anaima. A Gulperi nawo anaima. Kenako anapatsa mwamuna wawo chingwe cha kachileyi, anakonza mpango kumutu, n'kuyamba kuyenda okha kulunjika pamene panali amunawo.

Selvinaz anapukuta nthunzi pagalasi la kumbuyo kuti aone bwino, koma minibasi inakhota kuseri kwa phiri.